Mphete Yomwe a Sajeni Sanayeze Kawiri

A Sajeni anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu. Anali msilikali wopuma, wogulitsa mphete ndi ndolo, bambo wa ana anayi ndi gogo wa adzukulu khumi ndi mmodzi. Dzina lawo lenileni linali pa khadi la penshoni basi. Mumsewu monse anali a Sajeni, ngakhale kwa ana omwe sankadziwa kuti sajeni n'chiyani.

Usilikali anaugwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Za nkhondo sankakamba. Ukawafunsa ankangoti, "Kunali matope," n'kusintha nkhani. Mamendulo awo atatu ankawasunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mabatani othothoka. Nkhani yomwe sankatopa nayo ndi ya jombo. Ankati msilikali watsopano akalandira jombo m'mawa n'kuona kuti zamukwana, amasekerera. Pofika madzulo, atayenda mtunda, mapazi atatupa, amalira mayo. "Phazi la m'mawa ndi labodza," ankatero. "Lenileni ndi lamasana."

Ntchito ya mphete anaiphunzira komweko. Mumsasa mwawo munali mkulu wina wokonza mfuti, yemwe pa nthawi yopuma ankasula timphete kuchokera ku masupuni akale n'kumagulitsa kwa anyamata ofuna kutumiza kanthu kwa zibwenzi. A Sajeni ankamugwirira moto, maso ali pa manja ake. Atatuluka usilikali anagula sutikesi, n'kuidzaza ndolo, mikanda ndi zibangili, n'kumakaima pokwerera basi. Sutikesi inabala tebulo, tebulo linabala shopu.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi sitolo ya mankhwala. Kutsogolo kunali kauntala yagalasi, yomwe ankaipukuta katatu pa tsiku chifukwa anthu sangaone ndolo osaika chala pagalasi. Kuseri kwa katani kunali benchi yogwirirapo ntchito: kasowo ka mano osaoneka ndi maso, tinyundo tiwiri, zopalira, zopanira, botolo la gasi, njerwa yakuda ndi moto yowotchererapo, ndi ndodo yachitsulo yosongoka, yolembedwa manambala, yoyezera kukula kwa mphete. Chilichonse chinali ndi msomali wake. Pa lamba wawo pankalendewera timphete toyezera zala, tomangidwa pamodzi ngati makiyi, ndipo ukamva tikulira m'khonde unkadziwa kuti abwera.

Anali ndi lamulo limodzi lomwe linawatayitsa makasitomala ambiri n'kuwabweretsera ochuluka kuposa pamenepo. Mphete yaukwati sankagulitsa tsiku lomwelo munthu wabwera, pokhapokha chala chayezedwa kawiri, m'mawa ndi masana dzuwa litapendeka. Chala n'chimodzimodzi phazi. Chimatupa kukatentha, chimaphwa kukazizira.

"Bambo, ife tili pachangu," mnyamata ankatero, mkwatibwi wake ali pambali.

"Pachangu mukupita kuti?"

"Tikufuna tikagulenso nsapato."

"Pitani mukagule. Nsapato mudzavula madzulo. Ichi sadzavula. Mubwere folo koloko."

Ena ankapita osabweranso. Ambiri ankabwera, akung'ung'udza, ndipo patapita zaka ankabweretsa ana awo. M'zaka makumi anayi palibe mphete ya a Sajeni yomwe inadulidwa pa chala kuchipatala, ndipo iwo ankanena zimenezi kwa aliyense wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

Kwa ana awo anali bambo wouma. Kwa adzukulu anali phala. Akaweruka kusukulu ankadzera kushopu, iwo n'kuwandandalitsa m'khonde kuyambira wamtali mpaka wamfupi, n'kuyendera zikhadabo, makutu ndi makolala ngati pa perete. Wopezeka ndi litsiro chilango chake chinali kulandira switi pomaliza. Palibe ankapita wopanda switi. Ana awo ankadandaula kuti, "Ife munkatikwapula pa zomwezi." Iwo ankayankha kuti, "Inu munali anga. Awa ndi obwereka."

Pa onsewo panali Kandolo, mwana wa mwana wawo wamkazi woyamba. Dzinali analitenga ali ndi zaka zitatu, pomwe anakwawira kuseri kwa kauntala n'kumeza ndolo yasiliva. Banja lonse linadikira masiku awiri, a Sajeni ali pa ulonda ndi kamtengo m'manja. Ndolo itatuluka anaitsuka, anaiwiritsa, n'kuipachika pa msomali pamwamba pa benchi. Telala wa khomo loyandikana, mnzawo wa zaka zambiri komanso munthu wa pakamwa posatseka, ankauza makasitomala kuti, "Musagule ndolo imodzi yokha m'menemo. Funsani kaye komwe yayenda."

Kandolo anakulira pansi pa benchi ija. A Sajeni ankamutcha "mayi wa m'nyumba" ndipo iye ankawatcha "bwana mkubwa" akafuna ndalama ya basi, "agogo" akafuna kuwakalipira.

Akazi awo anamwalira Kandolo ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anasiya mphete yagolide yopyapyala, yomwe a Sajeni anawapangira ndi manja awo chaka chomwe anatsegula shopu, m'malo mwa yasupuni yomwe anakwatirira. Chaka cha malirocho, tsiku lina a Sajeni akulowetsa ulusi wa mkanda, anaona dzanja lamanja likugwedezeka lokha. Analiyang'ana ngati msilikali wosamvera. Linasiya. Patapita sabata linayambanso.

Sanauze munthu. Anangowerengera okha kuti pofika tsiku loti Kandolo akwatiwe, dzanjali lidzakhala litawathawa. Nkhanga zinapangana kusanapse. M'mawa wina wozizira, mtsikanayo akudutsa popita kusukulu, anamuitana.

"Bwera kuno, tigwirire ulusi uwu."

Anazunguliza ulusi pa chala chake ngati akusewera, n'kumanga mfundo. Tsiku lomwelo anadula mphete ya akazi awo, anachotsako kachidutswa kochepera njere ya mpunga, n'kuilumikizanso mwaluso moti polumikiza sipankaoneka. Kachidutswako anakaika m'bokosi la machesi, bokosilo m'chitini cha mamendulo. Mphete anaikulunga m'kansalu n'kuibisa m'sefa yachitsulo yosungiramo ndalama. Anapuma mpweya wautali. Ntchito inali itatha zaka zake zisanakwane.

Dzanja linapitiriza zake. Poyamba anasiya kukonza mawotchi, ati mawotchi a masiku ano ndi zidole. Kenaka anasiya kuwotcherera, ati gasi wakwera mtengo. Kuyeza zala sanasiye, koma mphete ankaitanitsa zopangapanga mwa saizi yake. Tiyi anayamba kumwera m'kapu yaikulu yothira theka. Telala anaona zonsezi, koma pa chinthu ichi chokha anatseka pakamwa.

Kandolo anakula, anaphunzira kukonza mafoni, n'kupeza malo pa kashopu kena kumsika. A Sajeni ntchito imeneyo sankaiwerengera. "Kutokosola zinyalala za anthu," ankatero. Atakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anabwera ndi mnyamata wamagetsi, wamtali, wofatsa, wa manja ngati mafosholo. A Sajeni anamuyendera kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiwe wandilanda mkazi iwe?"

"Pepani, agogo."

"Usapepese. Amadya kwambiri. Udzandibwezera wekha."

Chala cha mnyamatayo anachiyeza kawiri, mwa lamulo. Atafunsa za mphete ya mkwatibwi anamuuza kuti, "Imeneyo si nkhani yako. Ilipo."

Ukwati unali Loweruka. Lolemba la sabata yomweyo, masana kukutentha, anaitana Kandolo, mayi ake ndi wamagetsi uja kushopu. Telala anabwera wosaitanidwa, tepi ili m'khosi. A Sajeni anatsegula sefa, anatulutsa kansalu, n'kukayala pakauntala. Mayi a Kandolo ataiona mphete ija anagwira pakamwa.

"Ya amayi!"

"Ya amayi ako inali. Pano ndi ya uyu. Ndinaikonza kalekale. Vala."

Kandolo anaitenga, anailowetsa. Inadutsa chikhadabo, inadutsa mfundo yoyamba, n'kuima pa yachiwiri. Anakankha. Inakana. Anaipotoza. Inakana. Mayi ake anathamangira sopo. Wamagetsi anati mwina mafuta. Chala chinafiira, mphete ili pomwepo ngati mbuzi yokana kulowa m'khola.

"Agogo, munayeza liti chala changa?"

"Ndinayeza."

"Liti?"

"Uli Fomu Thu."

Telala anakhala pansi pa sitepe. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kangati, a Sajeni? Tiuzeni bwino, anthu amve. Kangati?"

"Kamodzi."

"Nthawi yanji?"

A Sajeni anayang'ana kudenga. "M'mawa."

"M'mawa! Kamodzi! Mwana wasukulu! Zaka makumi anayi mukubweza anthu pakhomo pano, ena anachita kukwera mabasi awiri. Ine ndikasoka diresi la ukwati pa muyeso wa yunifolomu mungandisiye?"

"Iwe masuti ako onse amakhala ngati unayeza munthu wina," anatero a Sajeni, koma mawu analibe mphamvu.

Onse anaseka, Kandolo yemwe. Mayi ake ndi amene anabweza nkhani pa njira. Anati vuto palibe, kumtunda kuli sitolo yaikulu yokhala ndi makina, akaikuza tsiku limodzi.

"Golide wa amayi ako sagwiridwa ndi munthu yemwe sanawaonepo," anatero a Sajeni. "Ndikonza ndekha. Chidutswa chake ndili nacho."

Telala anasiya kuseka. Anawayang'ana, anayang'ana dzanja lomwe linali m'thumba, n'kubwerera ku makina ake.

Lachiwiri m'mawa anatseka chitseko, anakoka katani, n'kukhala pabenchi koyamba m'zaka zisanu. Anapana mphete. Anatenga kasowo. Kamanoko kanavina pamwamba pa golide, uku ndi uku, osapeza polowera. Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere. Onse awiri anavina. Ankadziwa bwino chomwe chingachitike: sowo ikaterereka ikanda mphete, ndipo moto ukachedwa pamalo amodzi kwa mphindi yochepa chabe, mphete yopyapyala ngati imeneyo imasungunuka n'kukhala kampira. Inalipo imodzi yokha. Anaika kasowo pa msomali wake n'kutsamiritsa manja pa maondo.

Kandolo anawapeza choncho. Anali ndi kiyi wake kuyambira kale, ndipo analowa osagogoda, atanyamula mabanzi. Anaona mphete pa chopanira, yosakhudzidwa. Anaona manja.

"Zinayamba liti?"

"Chiyani?"

"Agogo, musandipusitse. Gasi sanakwere mtengo zaka zisanu zotsatizana."

"Chaka chomwe anapita agogo ako. N'chifukwa chake ndinafulumira."

Kandolo sanalire, ndipo iwo anayamikira zimenezo. Anakoka mpando, anakhala, n'kuyamba kudya banzi.

"Ndiye titani? Kumtunda mwakana."

"Ndakana."

"Inuyo simungathe."

"Sindingathe." Mawu amenewa anali asanawatchulepo chibadwire, ndipo anadabwa kuti denga silinagwe.

"Ine ndimawotcherera tsiku lililonse," anatero Kandolo. "Tinthu tating'ono kuposa apa."

"Zinyalala zija? Uja si moto, ndi kandulo."

"Ndiye ndiphunzitseni moto. Kapena Loweruka ndivale pa chala chaching'ono, anthu azifunsa kuti mphete anagula kwa ndani."

Apo anawagwira pakhosi. Anamuyang'ana manja: zala zazitali, zodekha, zokhala ndi timabala ta ntchito. Anali asanaziyang'anepo ngati manja a mmisiri. M'maso mwawo zinali zikadali zala zogwira switi.

"Ukapemphe tchuthi," anatero. "Mawa seveni koloko. Ukachedwa ndikuthamangitsa."

Masiku atatu otsatirawo shopu inasanduka msasa wa asilikali atsopano. Wamagetsi anabweretsa waya wa kopa wotsala ku ntchito, ndipo a Sajeni anamulamula Kandolo kupanga mphete za wayayo, kuzidula, kuikamo chidutswa, n'kuziwotcherera. Iwo anaima kumbuyo kwake, manja kumsana, akulamula.

"Sowo siikankhidwa, imayenda yokha! Ukudula nkhuni?"

"Moto uzungulire! Usauimike! Ukuotcha chimanga?"

"Chotsa! Chotsa! Wapha."

Yoyamba inasungunuka. Yachiwiri inapindika. Yachisanu inagwira koma inatuluka ngati dzira. Pofika Lachitatu madzulo m'mbale munali mitembo khumi ndi iwiri, ndipo telala, yemwe ankasoka diresi la ukwati womwewo kuseri kwa khoma, ankafuula kuti, "Mwapha angati lero, a Sajeni? Nkhondo ija simunaphe ochuluka chonchi!"

Mayi a Kandolo anabwera kawiri kudzakalipa. Mkwatibwi amafunika kokonza tsitsi, kokayesa nsapato, kokaona holo, osati kukhala m'kachipinda akununkha gasi. "Bambo, mwana apsa zala sabata ya ukwati wake!"

"Akapsa tidzayezanso," anatero a Sajeni.

Lachinayi masana Kandolo anatopa. Anaponya chopanira pabenchi.

"Mukungokuwa! Simukundiuza kuti ndichotse liti. Mukuti chotsa zitapsa kale."

A Sajeni anatsegula pakamwa kuti akalipe, n'kutsekanso. Mwanayo ankanena zoona. Iwo nthawi yochotsa moto ankaidziwa ndi manja, ndipo anali asanaiikepo m'mawu. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, osati kumbuyo.

"Usayang'ane moto," anatero pang'onopang'ono. "Yang'ana kachitsulo kolumikizira. Kayamba kada. Kenaka kachita thukuta. Kenaka kanyezimira ngati diso la munthu wofuna kulira, n'kuthamangira mumng'alu. Kakangothamanga, iwe wachoka kale. Usadikire kuti uone ngati kafika."

Yotsatira inagwira bwino. Inanso inagwira. Anazimenya ndi nyundo pa ndodo yachitsulo ija, sizinaduke. A Sajeni anangoti, "Eya," ndipo Kandolo anadziwa kuti ndiye mendulo yake imeneyo.

Chala anachiyeza Lachinayi lomwelo folo koloko, ndi Lachisanu m'mawa, telala ali mboni. Atatenga muyeso, a Sajeni anatsegula chitini cha mabisiketi, anatulutsa bokosi la machesi, n'kugwetsera kachidutswa kaja pa pepala loyera. Ankaganiza kuti achita kukapala kuti kachepe. Kandolo anadula mphete pamalo pomwe anamulozera, anaikankhira pa ndodo mpaka pa nambala ya chala chake, n'kuika kachidutswako pa mpata. Kanalowa ndendende. Panalibe chopala.

Telala anasuzumira. "Ndiye kuti chala chake n'chofanana ndi cha malemu?"

"N'chofanana."

"Ndiye kuti mukanangoisiya m'sefa osaigwira, ikanamukwana?"

"Ikanamukwana."

"Kudula, kusunga zaka khumi ndi chimodzi, kuzunza mwana masiku atatu, kuti mphete ibwerere pomwe inali. Boma linkakulipirani ndithu inu?"

"Tuluka, tikufuna kuyatsa moto."

Sanatuluke. Anaima pa katani atagwira tepi yake. Kandolo anapaka mankhwala oyera pa malo awiri olumikiza, anaikapo tizitsulo tolumikizira, n'kuyatsa gasi. A Sajeni anakhala pa manja awo kuti asasokoneze. Moto unazungulira, golide anafiira pang'ono, kachitsulo koyamba kanachita thukuta n'kuthamanga, kachiwiri kanatsatira, ndipo moto unali utachoka kale iwo asanatsegule pakamwa. Mphete inalira m'madzi, tswii.

Kupala ndi kupukuta kunatenga mpaka masana. Mbali imodzi polumikiza sipankaoneka. Mbali inayo panatsala kamzere kochepa, koti uchite kukafuna. A Sajeni anakayang'ana nthawi yaitali pa galasi lokuzira.

"Apa wanama pang'ono."

"Ndibwerezenso?"

"Ayi. Golide sakonda kubwerera pamoto. Uziika mbali imeneyo kunsi. Yanga yoyamba inali yoipa kuposa apa, ndipo agogo ako anaivala zaka zisanu ndi zinayi osadandaula."

Kandolo anaivala. Inadutsa mfundo ndi kukana pang'ono, monga iyenera, n'kukhala.

Pa ukwati a Sajeni anavala suti yosokedwa ndi telala ndi mamendulo onse atatu. Anavina nyimbo imodzi ndi mkwatibwi, mapazi akuyenda ngati ali pa perete. Aliyense woyamikira mphete ankamuuza okha nkhani yonse, kuyambira pa ulusi, osabisapo kanthu, ndipo telala anadandaula kuti amulanda nkhani yake. Kapu ya tiyi anaigwira ndi manja awiri pamaso pa anthu onse, ndipo ina itatayikira pa tebulo anangoitanitsa kansalu.

Mwezi wotsatira Kandolo anasamutsa zida zake kuchokera kumsika n'kuziika kumapeto kwa benchi. A Sajeni anang'ung'udza sabata imodzi za fungo la mafoni, kenaka anakhoma misomali ina isanu ndi umodzi, wamagetsi akuwagwirira nyundo. Chikwangwani choti "Timakonza mphete ndi matcheni" chinabwerera pa zenera. Iwo anasamukira pa mpando wa pakhomo, pomwe ankalandira makasitomala, kukangana ndi telala, ndi kufuulira kuseri kwa katani malangizo omwe sankafunikanso. Anakhala choncho zaka zitatu. Anaona mwana woyamba wa Kandolo, anamuyendera zikhadabo ali ndi masiku anayi, n'kulamula kuti ndolo zonse zikwezedwe pa shelefu yapamwamba.

Anadwala masiku asanu ndi limodzi okha. Anamwalira Lamlungu masana, kunyumba kwa mwana wawo wamkazi, atamaliza kudya.

Shopu ikadali pomwepo, ndipo lendi ili m'dzina la Kandolo. Mafoni ali kumanzere, mphete kumanja. Amatsegula eyiti koloko, kupatula Lachitatu, lomwe amayamba wapita ndi mwana kusikelo.